Kulandira madzi tinaphunzira, kuwaperekeza ayi

Amene anasankha malo a tauni ya Rumphi anaika nyumba zathu pakhomo podutsira madzi. Kumpoto kuli phiri la Nyika, limene nsonga yake ya Nganda imapitirira mamita 2,600. Kumadzulo kuli chigwa cha Nkhamanga ndi madambo a Vwaza. Mtsinje wa South Rukuru umachokera kutali, ku mapiri a Viphya m'boma la Mzimba. Umayenda cholowera kumpoto, kudutsa pa Kazuni, kenako n'kukhotera kum'mawa. Mtsinje wa Rumphi umatsika ku Nyika utasenza madzi a Chelinda ndi Lunyina, n'kudzathira mu Rukuru pafupi ndi tauni. Madzi onsewo, a ku Mzimba, a ku Hewe, a ku Bolero, alibe kwina kotulukira koma pa mpata umodzi wopanikizika wa Njakwa. Tauni yakhala pamenepo, mapiri atayizinga, ndipo mvula ikagwa m'mapirimo sipatha ola isanafike pamsika.

Ine ntchito yanga inali ya misewu. Ndinabwera kuno ndili mnyamata kuchokera kwathu ku Kasungu, ndinakwatira m'chigwa cha Henga, ndipo ndakalambira pa ukapitawo kwa makontirakitala osiyanasiyana, kuyang'anira anthu okumba ngalande ndi otsegula makalavati. Mbiri ya boma lino ndaiwerenga chogwada, mutu uli m'paipi ya simenti. Zimene ndawerengamo n'zakuti kwa zaka zoposa 120 anthu a ku Rumphi akhala akatswiri oitana madzi kuti afike pakhomo. Mipopi inafika kuno madera ambiri a dziko lino asanailote n'komwe. Koma madzi ali ngati mlendo, ukamulandira umayeneranso kumuperekeza, ndipo ntchito yachiwiriyi sinapezepo mwini. Madzi a m'mpopi ali ndi ofesi, mita ndi bilu. Madzi a mvula akangochoka padenga amakhala a amene ali kumunsi.

Boma lino lili ndi mvula ziwiri. Kumbali ya nyanja, ku Livingstonia ndi ku Ntchenachena, mitambo yochokera kunyanja imagunda mapiri n'kukhuthula, moti mvula ya kumeneko pachaka imaposa kawiri ya ku Bolero, kumene Nyika imatchinga mphepo yachinyontho. Kuchepa kwa mvula ya ku Nkhamanga kusakupusitseni. Imagwa mwa apo ndi apo, koma ikati igwe imagwa yamkokomo, pa nthaka youma gwa imene ng'ombe zaipondaponda chilimwe chonse, ndipo yolowa pansi imakhala yochepa.

Kale mvula inali ndi eni ake. Atumbuka a ku Nkhamanga ankapembedza Chikang'ombe, mzimu umene ankati umakhala paphiri la kufupi ndi mpata wa Njakwa, ndipo chilala chikavuta ankapita kukathira nsembe. Pamwamba pa Nyika pali dziwe la Kaulime, lokhalo limene silinakumbidwe ndi anthu paphiripo, ndipo nalo ankaliopa pa chifukwa chomwecho. Sindikunena kuti makolo anali ndi mapulani a ngalande ayi. Kungoti malo amene madzi amabadwira ndi amene amapanikizikapo ankaopedwa, nkhwangwa sinkafikako wamba, ndipo mantha amenewo ankagwira ntchito imene lero timailembera malamulo. Komabe tisawakometsere kwambiri makolowo. Aphoka a m'mapiri anali akatswiri osungunula chitsulo, ndipo ng'anjo zawo, zimene zina zikadaonekabe m'thengo, zinkadya makala osati masewera. Makasu amene Mlowoka ankagawa pokhazikitsa ufumu wa Chikulamayembe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 analimanso m'mbali mwa mitsinje. Chinkawapulumutsa n'chakuti anthu anali ochepa, ndipo munda ukatopa ankausiya ugone mpaka tchire limerenso.

Mbiri ya mipopi imayambira ku Khondowe. Dr Robert Laws atasamutsira likulu la mishoni ya Livingstonia paphiripo mu 1894, kuthawa malungo a ku Bandawe, anapeza mphepo yabwino koma madzi ali kutali. Ndi ndalama za Lord Overtoun, mponda matiki wa ku Scotland, anaitanitsa mapaipi achitsulo amene anadzera pa Zambezi, pa Shire ndi panyanja, kenako pamapewa a anthu kukwera phiri. Mu 1904 madzi a mumtsinje wa m'mapiri anatuluka pampopi pamishoni popanda injini, akudzikankha okha chifukwa cha kutsetsereka kwa malo. Chaka chotsatira makina ozunguzidwa ndi madzi a Manchewe anayatsa magetsi. Aphunzitsi amaikonda nkhani imeneyi, ndipo ndi yoyeneradi kuinyadira, ngakhale amene anasenza mapaipiwo sitiwamva akutchulidwa.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi msewu wa Golodi, wa makona 20, wokwera kuchokera ku Chitimba. Anaukumba ndi makasu, mapiki ndi nyundo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, paphiri limene mvula yake siseka ndi munthu. Msewu wotere mdani wake si galimoto, ndi madzi. Munthu wa ntchito yanga akamauyenda wapansi sayang'ana nyanja ili kumunsi ija. Amayang'ana pamene madzi akuchokera pamsewu, chifukwa pa kona iliyonse ayenera kupatutsidwa asanasonkhane. Mukangowalola kuthamanga kuchokera pa kona ina kufika pa ina, ayamba kukumba. Liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi, ndiye madzi omwewo amene pamwamba ankangonyowetsa nsapato, pansi akugubuduza miyala. Golodi wakhala zaka zoposa 100 chifukwa pankapezeka anthu oyenda ndi fosholo mvula isanayambe ndiponso ikangokata. Zaka zimene anthu otere anasowa, msewuwo unkasanduka khwawa, ndipo madalaivala akale a ku Chitimba akhoza kukufotokozerani bwino kuposa ine.

Nthawi yokhayo imene boma linalowerera ndi mtima wonse pa nkhani ya madzi othamanga inali ya atsamunda, ndipo linalowerera ndi chindapusa ndi ndende. Lamulo la Natural Resources Ordinance la 1946 linapatsa akuluakulu a zaulimi mphamvu youza mlimi kalimidwe ka m'munda mwake momwe. Njala ya 1949 itadutsa, bwanamkubwa Geoffrey Colby ndi mkulu wa zaulimi Richard Kettlewell anakhwimitsa zinthu. Mizere ipingase chitunda, isatsetsereke nacho. Milambala ikumbidwe. M'mphepete mwa mtsinje musalimidwe. Matutu afafanizidwe. Wolephera ankakalipitsidwa ku khoti la mfumu, ena ankamangidwa, ndipo mbewu zolimidwa mosemphana ndi lamulo zinkazulidwa. M'dziko lonse anthu ankangoti malimidwe.

Apongozi anga aamuna, amene nthawi imeneyo anali mnyamata wa mphamvu zake, ankati chinkawawa kwambiri si kukula kwa ntchito koma nthawi yake. Milambala ankafuna ikumbidwe m'chilimwe nthaka italimba, pamene amuna ambiri a kuno anali ku Joni, ku Salisbury ndi ku migodi ya Copperbelt, ndiye khasu linkagwera amayi ndi nkhalamba. Tsiku lina tikuyenda m'munda mwawo anandionetsa chigwembe chakuya kupitirira msinkhu wa munthu.

"Akamwini, inu a misewu, tandiuzani. Chinakumba apa n'chiyani?"

Ndinati ndi mvula. Anaseka.

"Mlambala. Amene anauyeza anaupendeketsa, madzi a munda wonse n'kumasonkhana pakona iyi. Tsiku lina unangophulika."

Ankanena zoona, ndipo m'misewu ndaziona kambirimbiri. Ngalande yoyezedwa molakwika imaononga kuposa pamene palibe ngalande. Koma nanenso ndinene changa, ngakhale sichikoma m'makutu: zambiri zimene atsamunda ankalamula zinali zolondola. Mzere wopingasa umaimitsadi madzi. Gombe losalimidwa silichedwa kumera bango, ndipo bango limagwira dothi. Cholakwika chinali kulamula anthu osawafunsa, pa nthaka ya makolo awo, wolamulayo ali mlendo amene akufunanso kukulowetsani m'chitaganya chimene mwachikana. Dr Banda atabwera mu July 1958, m'midzi kudana ndi chitaganya ndi kudana ndi malimidwe zinali chinthu chimodzi, ndipo pofika pa 3 March 1959 kukwirira mlambala kunali kuchita ndale. Mu 1961 Banda yemweyo anakhala nduna ya zachilengedwe ndi maboma aang'ono, kukakamiza kunatha, mlangizi anasanduka wonyengerera. Mizere inatsala, mpaka lero aliyense amalima mizere osaumirizidwa. Chimene chinafa ndi ganizo loti munthu wina angakuuze kumene madzi a m'munda mwako kapena a pabwalo pako ayenera kulowera.

Titalandira ufulu tinabwerera ku zimene timazidziwa, kuitana madzi. Ntchito ya mipopi yoyenda yokha ya m'midzi inayambira ku Chingale, ku Zomba, mu 1968, ndipo Rumphi, pokhala ndi mitsinje yosaphwa yotsika ku Nyika, inali m'gulu la maboma oyamba kupindula. M'zaka za m'ma 1970 mipopi inafika ku Ng'onga, Muhuju, Hewe ndi Nkhamanga. Boma linkapereka mapaipi ndi amisiri, midzi inkakumba njira za mapaipi makilomita ambirimbiri popanda malipiro, mudzi uliwonse chigawo chake, mafumu ndi makomiti akuyang'anira. Anthu omwe aja amene anakana mlambala mu 1958 anakumba mtunda woposa pamenepo, chifukwa kumapeto kwa dzenjelo kunali mpopi woti mayi atungepo. Luso loyendetsa madzi silinasowepo kuno. Pitani ku Ntchenachena kapena ku Phoka mukaone alimi a khofi ndi nyemba mmene amapatutsira timitsinje ndi timingalande tokumba pamanja, toyenda m'mbali mwa phiri mtunda wautali, toyezedwa ndi diso lokha, madzi akuyenda mwaulemu osakumba ndiponso osaima. Ena mwa anyamata anga amene anali ndi makina oyezera sankafikapo. Koma kumapeto kwa ngalande ya mvula kulibe chotunga, kulibe chothirira. Phindu lake ndi tsoka limene silinachitike, ndipo kawirikawiri wopulumukayo ndi munthu wa kumunsi amene wokumbayo samudziwa.

Mipopi yonseyi inkadalira kuti kumtunda kukhale kosakhudzidwa. Nyika inakhala paki mu 1965, yoyamba m'dziko muno, ndipo mu 1978 malire ake anafutukulidwa mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali kuteteza magwero a mitsinje. Vwaza nayo inatsekedwa m'zaka zomwezo. Udzu ndi madambo a pamwamba pa Nyika amamwa mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. N'chifukwa chake Lunyina ndi North Rumphi zimayendabe mu October, ndipo makina a magetsi a ku Wovwe, m'boma la Karonga, amazungulira. Pamenepo boma linaona patali, ndipo tauni ya Rumphi imamwa phindu lake tsiku ndi tsiku. Koma mkati mwa malire atsopanowo munali midzi. Mabanja ambiri, makamaka Aphoka, anasamutsidwa, ndipo m'masiku a chipani chimodzi munthu sankafunsa kawiri. Anapita kuti? Ambiri anakapanikizana kunja kwa malire, m'zitunda ndi m'zigwa zimene zinali kale ndi eni ake. Tinateteza pamwamba pa phiri pokankhira anthu m'mbali mwake, pamalo otsetsereka pamene khasu silichedwa kuononga.

Kenako kunabwera fodya. Kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, amene kale anali wa maesiteti okha, ndipo Nkhamanga, Hewe ndi Henga zinadzaza zigafa. Inde, bale safuna nkhuni zowotchera, koma chigafa chimafuna mitengo ya mphanda, mikangala ndi udzu, ndipo chiswe sichilola kuti chikhale zaka zambiri. Ndalama za fodya zinagula malata n'kuumba njerwa. Njerwa zinafuna nkhuni za uvuni ndi dothi la m'mbali mwa mtsinje, simenti inafuna mchenga wa mumtsinje momwemo. Tauni imene kalembera wa 1987 anaipeza ndi anthu pafupifupi 7,000 inali ndi oposa 22,000 pofika 2018, pamene boma lonse linali ndi anthu pafupifupi 229,000. Malo athyathyathya pa Rumphi ndi ochepa, ndiye nyumba zinayamba kukwera m'mapiri, zina kutsikira m'makwawa mmene kale aliyense ankadziwa kuti ndi njira ya madzi.

Tachitani masamu awa. Denga la malata la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi likalandira mvula ya mamilimita 30, imene kuno imatha kugwa pa ola limodzi, limakhetsa malita 3,000, migolo 15 ya malita 200. Denga la udzu linkawachedwetsako madziwo, tchire la kuseri kwa nyumba linkamwako. Malata samwa, simenti siimwa, bwalo losesedwa m'mawa uliwonse mpaka kuwala silimwa. Nyumba 1,000 zotere ndi malita 3 miliyoni, onse akufuna njira yopitira kumtsinje pa nthawi imodzi. Mwini nyumba aliyense amaboola kampata pansi pa mpanda wake n'kupatsira mnzake. Mnzakeyo amaunjika matumba a mchenga kuti apatukire kwa wina. Wotsiriza amawatulutsira mumsewu. Ifenso a misewu timakumba timingalande topatutsira madzi kutchire, koma tchire lija lero ndi munda kapena poloti ya munthu, ndiye tikangochoka mwini wake amabwera usiku n'kutseka ndi miyala. Simungamudzudzule, chimanga chake chikukokoloka. Madziwo amabwerera mumsewu atawonjezera ukali.

Amene anakhalapo pa boma m'dzinja akudziwa mmene zimayambira. Kumapiri kumada bii dzuwa litapendeka, pamsika kukuwalabe. Mkokomo mumaumva musanaone kanthu. Madzi oyamba amakhala akuda, a zinyalala, otsatira ofiira, akugubuduza miyala. A masitolo amathamangira kutchinga pakhomo, a kabaza kukweza njinga pakhonde. Posakhalitsa zonse zatha, dzuwa latulukanso, msewu wadzala mchenga. Chimene sichioneka ndi zimbudzi zimene zasefukira m'njira monsemo ndi kumene zam'katimo zalowera. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unafikanso m'boma lino, ndipo unatikumbutsa kuti ngalande ndi nkhani ya chipatala yomwe.

Kalavati yotsekeka muyenera kuiona mkati kuti mumvetse. Ambiri m'misewu yathu ndi mapaipi a mamilimita 600 kapena 900. Ya 600 munthu wamkulu salowamo, ndiye timasankha mnyamata wochepa thupi, kumupatsa khasu la mpini waufupi ndi chigubu chodula chomangirira chingwe. Amalowa chokwawa, tochi pakamwa, anzake akukoka chigubucho panja. Zoyamba kutuluka ndi za pamsika: majumbo, mabotolo a pulasitiki, makoko a nzimbe, zitsononkho, nsanza, nthawi zina galu wakufa. Mukapitirira pamenepo mumapeza mchenga woyera wa m'khwawa. Pansi penipeni pamakhala dothi lofiira, lomata, lokana fosholo mpaka mutalowetsa piki, ndipo limenelo ndi munda wa munthu wa kuphiri, feteleza wake ali momwemo. Anthu amakonda kunena kuti majumbo ndiwo amatseka ngalande, ndipo boma linaletsadi mapulasitiki opyapyala mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kuvomereza chiletsocho mu 2019. Koma jumbo imangomalizitsa ntchito. Paipi imakhala itadzala kale dothi kupitirira theka, jumbo n'kungotseka kampata kotsala.

Mayi wina wogulitsa tomato pafupi ndi pamene tinkagwira anationerera tsiku lonse tikutulutsa dothi n'kumaliunjika m'mbali mwa msewu. Madzulo tikutsuka zida anandiitana.

"A kapitawo, dothi ili mulisiya pompano?"

Ndinawauza kuti galimoto yodzalichotsa sinali m'pangano la ntchito.

"Ndiye mvula ya mawa ilibwezera momwe mwalichotsamo, inu mudzalandirenso ndalama."

Ndi mmene mapangano ambiri ankalembedwera. Ankalipira kutsegula paipi, za kumene dothi lachokera ndi kumene lipite sizinali m'pepala.

Mukafunsa kuti mwini wa madzi amenewa ndani, mayankho amachuluka. Lamulo la 1995 linakhazikitsa Northern Region Water Board, ntchito yake madzi a m'mipopi. Lamulo la nkhalango la 1997 linaika mapiri m'manja mwa a zankhalango ndi makomiti a m'midzi. La maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo udindo wa ngalande, zinyalala ndi misewu ya m'madera awo, pamene misewu ikuluikulu ndi ngalande zake ili m'manja mwa Roads Authority. Lamulo la madzi la 2013 linabweretsa National Water Resources Authority yoyang'anira mitsinje ndi magwero ake, la 2016 n'kukhwimitsa za mapulani a malo omangapo. Malo ambiri ozungulira tauni amagawa ndi mafumu. Powerenga, malamulo onsewa ndi abwino. Koma dontho logwa paphiri limadutsa m'manja mwa onsewa lisanafike pa Njakwa, ndipo aliyense amaligwira pa kachigawo kake kokha. Komanso Rumphi ilibe khonsolo ya tauni payokha ngati Mzuzu. Khonsolo ya boma imodzimodziyo iyenera kuganizira Mlowe, Hewe ndi msika wa pa boma, ndipo ngalande siipikisana bwino ndi chipatala kapena sukulu pogawa ndalama.

Ntchito za mthandizi, zimene zinayamba ndi MASAF chapakati pa zaka za m'ma 1990, zakumba ngalande zambiri, ndipo masiku ano zikuphunzitsa maswale, vetiva ndi timadamu ta miyala m'zigwembe. Apongozi anga akanakhala moyo akanati ndi malimidwe omwe aja, kungoti tsopano wokumba amalandira kangachepe m'malo molipa chindapusa. Vuto ndi lakuti cholinga choyamba cha mthandizi ndi kuthandiza ovutika, choncho ntchito imalondola mayina a pa mndandanda, pamene madzi amalondola chitunda.

Kumbali ya nyanja nkhani imafika pa maliro. Mu 2003 mvula yamphamvu inagumula mapiri malo ambirimbiri ku Ntchenachena ndi ku Chiweta, minda ndi nyumba zinakwiririka, anthu anafa. Golden Msilimba wa ku yunivesite ya Mzuzu anayenda m'malo amenewo kuyeza zigumukirezo, ndipo zimene anapeza sizisiyana ndi zimene wa misewu aliyense amadziwa: mvula imangomalizitsa, malo amakhala atafooka kale chifukwa cha kutsetsereka, dothi lomwa madzi msanga, mitengo yodulidwa ndi minda ya pazitunda. Ifenso a misewu tili momwemo. Msewu wa M1 pa Chiweta, umene umasenza malori a malasha a ku Mchenga ndi a mafuta ochokera ku Dar es Salaam, unadula phiri, ndipo dzinja lililonse phirilo limabweza miyala pamsewu.

Dothi lonse lochoka m'mapiri a Rumphi lili ndi kopita. Limadzaza poyambira mapaipi, n'chifukwa chake mipopi ina ya m'midzi imauma m'dzinja madzi ali ponseponse, ndipo madzi a m'tauni amafuna mankhwala ochuluka kuti ayere. Limatsika ndi Rukuru m'chigwa cha Henga, kudutsa pa mathithi a Fufu pamene boma lakhala likulingalira zomanga malo opangira magetsi. Amene anamvapo za matope a ku Nkula pa Shire akudziwa chimene dothi limachita ku makina otere. Lotsala limakathera m'nyanja cha ku Mlowe, kumene m'dzinja madzi ofiira amalowa kutali ndi gombe n'kukwirira miyala imene nsomba zimaikirapo mazira.

Ku Kenya anayesa njira ina. Mzinda wa Nairobi umamwa madzi ochokera kumtunda kwa mtsinje wa Tana, ndipo mu 2015 kunakhazikitsidwa thumba limene makampani ndi mabungwe amaikamo ndalama zothandizira alimi a kumtundako kukonza minda yawo kuti dothi lisatsike. Nzeru yake ndi yapafupi: wa kumunsi ndiye wopindula, ndiye alipireko. Rumphi ilibe mafakitale a Nairobi, koma ili ndi chimene Nairobi ilibe, kuyandikana. Muli pamsika mukhoza kuloza ndi chala munda umene dothi lake lili m'kalavati, ndipo mwini wake mwina mumapemphera naye tchalitchi chimodzi.

Mu 2023 boma linasainirana ndi Peace Parks Foundation pangano la zaka 20 loyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza, ndiye pamwamba penipeni pali woyang'anira mpaka 2043. Mipopi ya tauni nayo ikukuzidwa ndi thandizo la African Development Bank. Kwatsala pakatipa, kuyambira pa malire a paki kufika pa mlatho wa Njakwa. Ine akanandifunsa sindikanayamba ndi simenti. Ndikanayamba ndi kuyenda wapansi mu January mvula ikugwa, limodzi ndi mafumu, a khonsolo, a zankhalango ndi amayi a pamsika, kulondola khwawa lililonse kuchokera pamene labadwira mpaka pamene lathira, n'kulijambula pa mapu oti wogawa malo aliyense akhale nawo. Ndalama zotsegulira makalavati zizituluka mu September, chifukwa zikatuluka mu February timangokatola zinyalala za ngozi imene yachitika kale. Paipi ya 600 isaikidwenso pamene pakutsika khwawa. Womanga nyumba ya malata azisonyeza thanki kapena dzenje lomwetsera madzi a padenga lake pabwalo pake pomwepo.

Zonsezi n'zotheka ndi ndalama zochepa. Chovuta ndi nyumba zimene zili kale m'njira ya madzi. Eni ake anagula malowo ndi thukuta la fodya, ena ali ndi makalata osainidwa, ndipo ena mwa iwo ndi ana ndi adzukulu a anthu amene anasamutsidwapo kale mu 1978. Amene adzapite kukawauza kuti asamukenso adzapite atanyamula malo ena ndi chipukuta misozi, ndipo adzakhale pansi kumva kaye za eni akewo. Akadzapita ndi lamulo lokha m'manja, adzamuyankha mmene makolo awo anayankhira woyeza milambala mu 1959.